Ndikawalitsa nkhope ya mkwatibwi diresi likuyereratu: kodi adjustment layer imagwira ntchito bwanji?

Funso: "Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Zithunzi ndimakonzera mu Photoshop, makanema mu Premiere Pro. Anzanga anandiuza kuti ndisiye Image > Adjustments, ndizigwiritsa ntchito ma adjustment layer. Ndayesa koma zikundisokoneza. Ndikawalitsa nkhope ya mkwatibwi, diresi limayereratu mpaka maluwa ake osaonekanso. Pa poster ya chinkhoswe ndinasintha mtundu wa chitenje, mawu ndi logo nazonso zinasintha. Mu Premiere ndinaika adjustment layer imodzi pa kanema yense: zojambula panja zinakongola, za muholo zinafiira kwambiri, kenako kompyuta inayamba kudodoma. Ndikulakwitsa pati, kapena vuto ndi kompyuta yangayi?" Wojambula wa ku Zomba.

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Mtima ukhale pansi, kompyuta yanu siinaonongeke, ndipo anzanuwo sanakusocheretseni. Zonse mwatchulazi zikuchokera pa khalidwe limodzi la adjustment layer: imakhudza chilichonse chomwe chili pansi pake mpaka inuyo mutaiikira malire. Mukadziwa poiika ndi poiletsa, mavutowa atha.

Anzanu akukukanizani Image > Adjustments pa chifukwa chomveka. Mukadzera kumeneko, Photoshop imasintha manambala a ma pixel enieniwo, ndipo mukaseva n'kutseka fayilo, chomwe chatayika chatayikiratu. Chithunzi cha 8-bit chili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse mwa itatu ija, wofiira, wobiriwira ndi buluu. Nthawi iliyonse mukakoka Levels kapena Curves, zida zosinthira kuwala, masitepe ena amaphatikizana, pena pamatsala mipata. Mukabwereza katatu kanayi, thambo kapena khoma la holo limayamba kuonetsa mizere pomwe mtundu umayenera kutsetsereka bwinobwino. Adjustment layer, yomwe inabwera ndi Photoshop 4.0 mu 1996, ilibe chithunzi mkati mwake, imangosunga malangizo. Ili ngati galasi lamtundu loikidwa pamwamba pa chithunzi patebulo: chomwe chili pansi pake chimasintha maonekedwe, chomwe chili pamwamba pake sichikhudzidwa, ndipo mukalichotsa chithunzi chili momwe chinalili. Mumaipeza pa Layer > New Adjustment Layer, kapena pa kabwalo ka theka loyera theka lakuda kali kumunsi kwa Layers panel.

Vuto la poster ndi losavuta. Mawu ndi logo zinasintha chifukwa zinali pansi pa Hue/Saturation yanu, adjustment layer yosinthira mitundu ija. Kokerani mawu ndi logo pamwamba pake mu Layers panel, basi. Koma pa poster pamakhala zambiri, chithunzi cha atsikana a chinkhoswe, maluwa a m'mbali, mtundu wakumbuyo, ndipo kawirikawiri mumafuna kuti kusinthako kugwire layer imodzi yokha. Apa gwiritsani ntchito clipping mask. Ikani adjustment layer pamwamba penipeni pa layer mukufunayo, dinani Ctrl+Alt+G, kapena Cmd+Option+G ngati muli pa Mac. Kamuvi kakang'ono kakaloza pansi, dziwani kuti yamangirirana ndi layer imeneyo yokha.

Pali msampha wina pa ma group womwe umagwetsa ngakhale anthu ozolowera. Mukasonkhanitsa ma layer mu group ndi Ctrl+G, mumayembekeza kuti adjustment layer ya mkatimo ithera momwemo. Sizitero. Group yatsopano imabwera ndi blend mode (njira yomwe layer imasakanikirana ndi za pansi pake) ya Pass Through, yomwe imalola kusinthako kudutsa mpaka pa zonse zili pansi pa group. Sankhani group yonseyo, sinthani Pass Through kukhala Normal, ndipo zonse zitsekeredwa mkati.

Pa chitenjecho, musakoke Hue ya Master, chifukwa imatembenuza mitundu yonse pamodzi. Mu Properties sankhani mtundu womwe uli pa chitenje, monga Blues kapena Greens, kenako tengani eyedropper ya chizindikiro cha + n'kudina malo angapo pansaluyo kuti igwire pamthunzi ndi powala pomwe. Chenjerani ndi chitenje chofiira, cha olenji kapena chachikasu. Khungu la munthu limakhala m'mitundu yomweyo, ndiye mukasuntha Reds kapena Yellows nkhope ndi manja nazo zisintha. Pamenepo sankhani kaye nsaluyo ndi Object Selection tool, kenako pangani adjustment layer. Photoshop imatenga zomwe mwasankhazo n'kuzisandutsa mask yokha. Dziwaninso kuti nsalu yoyera kapena yakuda siimvera Hue, chifukwa ilibe mtundu woti utembenuzidwe. Imafuna Colorize kapena Solid Color layer, pamodzi ndi Curves yokonza kuwala kwake.

Tsopano nkhope ya mkwatibwi, pomwe pali ntchito yeniyeni. Adjustment layer iliyonse imabwera ndi mask, kabokosi koyera kali pambali pake. Pomwe mask yayera, kusintha kumaoneka. Pomwe yada, kumabisika. Pomwe yatuwa, kumaoneka pang'ono. Yanu inali yoyera yonse, n'chifukwa chake kuwala kunagwera nkhope ndi diresi mofanana. Chitani chonchi. Pangani Curves, tengani kachida ka dzanja kali mu Properties, dinani pa tsaya la mkwatibwi n'kukokera m'mwamba pang'ono. Ngati tsayalo linali pa Input 70, Output ya pakati pa 85 ndi 90 ndi yokwana poyambira. Musadandaule ndi diresi pakadali pano. Dinani pa mask, kenako Ctrl+I kuti ide yonse. Kusintha konse kuzimirira. Tengani burashi ndi B, dinani D kuti mitundu ibwerere pa woyera ndi wakuda, ndipo X ndiye amasinthanitsa iwiriyo. Hardness (kuuma kwa m'mbali mwa burashi) ikhale pa 0, Flow (kuchuluka kwa utoto womwe burashi ikutulutsa) pakati pa 10 ndi 15 peresenti. Pakani zoyera pankhope, pakhosi, pamapewa ndi pamanja, pang'onopang'ono, mobwereza. Flow ya 100 ndi imene imasiya mkombero wowala kuzungulira mutu, womwe aliyense amauona msanga. Musaiwale khosi ndi manja. Nkhope yowala pa khosi lakuda imaoneka yomatikapo, ndipo abale a mkwatibwi amazindikira ngakhale sadziwa chachitika. Kuti muone pomwe mwapaka, dinani batani la \ ndipo mask ioneka yofiira pamwamba pa chithunzi. Mukadutsa malire, sinthani ndi X n'kupaka zakuda. Mukapeza kuti burashi ikudetsa chithunzi chenicheni, ndiye kuti mwasankha layer ya chithunzi m'malo mwa mask.

Velo ndi lesi zimavuta kupakira m'mbali mwake, ndiye pali njira ina yomwe ndimaikonda kuposa kulimbana ndi burashi. Dinani kawiri pa malo opanda mawu a Curves layer ija kuti Layer Style itseguke. Kumunsi kuli Blend If. Pa mzere wa Underlying Layer kokerani kamakona atatu koyera kumanzere mpaka cha pa 220, kenako gwirani Alt n'kukang'amba pakati, theka lina lifike cha pa 170. Mwauza Photoshop kuti kuwalitsako kuyambe kuchepa pa 170 ndipo kusakhudze chilichonse chopitirira 220. Diresi latetezeka lokha, ngakhale burashi itadutsapo.

Pa khungu lakuda ndikupempheni chinthu chimodzi: cholinga chikhale kuonetsa nkhope, maso ndi kumwetulira, osati kusintha khungu la munthu. Mukakweza mbali yamdima ya Curves mopitirira, khungu limambuwa, limataya kunona kwake. Siyani nsonga ya kumunsi kumanzere pa 0, kwezani zapakati zokha. Mukapinda Curves kuti muonjezere contrast, mitundu nayo imakolera, ndipo nkhope imathamangira ku olenji. Sinthani blend mode ya layer imeneyo kukhala Luminosity kuti igwire kuwala kokha. Ngati mukufuna mitundu ya zovala ikolere, Vibrance ndi yabwino kuposa Saturation, chifukwa imakweza kwambiri mitundu yofooka ndipo imasamala khungu. Mukamaliza, tsitsani Opacity ya layer mpaka cha pa 70 peresenti n'kuyang'ananso. Diso likakhalitsa pa chithunzi limazolowera, ndiye nthawi zambiri timapitirira osadziwa.

Pali malire omwe adjustment layer singadutse. Tsegulani Levels, gwirani Alt n'kudina kamakona atatu koyera. Malo omwe aoneka oyera pa sikirini yakuda afika kale pa 255 m'mitundu yonse itatu. Ngati diresi linafika pamenepo mu JPEG ya mukamera, maluwa ake palibe, ndipo kulidetsa kungokupatsani chigamba chotuwa. Mankhwala ake ali pa tsiku lojambula: jambulani RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yagwira), yatsani chenjezo la highlights pa kamera, yezani kuwala potengera diresi, nkhope muithandize ndi reflector kapena flash yofewa.

Zinthu ziwiri zimaononga ntchito yabwino mwakachetechete. Choyamba ndi kuchotsa ziphuphu pa layer yomwe ili pamwamba pa ma adjustment layer. Clone Stamp kapena Healing Brush ikakhala pa All Layers imakopera mtundu wosinthidwa kale, ndiye mawa mukasintha Curves, malo onse munakonzawo amatuluka ngati mawanga. Ikani layer yokonzera khungu pamwamba penipeni pa Background, pansi pa ma adjustment layer onse, Sample ikhale pa Current & Below. Chachiwiri ndi Ctrl+Alt+Shift+E, yomwe imaphatikiza zonse zooneka kukhala layer yatsopano pamwamba. Ikakhalapo, kusintha kulikonse kwa pansi sikuonekanso, ndipo ambiri amaganiza kuti pulogalamu yafa. Mudzaonanso kuti Shadows/Highlights siipezeka pa mndandanda wa ma adjustment layer. Kuti muigwiritse ntchito osaononga chithunzi, sandutsani layer kukhala Smart Object kaye. Camera Raw Filter nayo imafuna chimodzimodzi.

Posunga, JPEG siisunga ma layer. Sungani PSD kapena TIFF ngati fayilo yogwirirapo ntchito, ndipo JPEG ya kasitomala ituluke pa Export, mu sRGB, kuti mitundu isafooke pa foni ndi pa WhatsApp. Ngati mwachokera ku RAW, tsegulani mu 16-bit, mafayilo amakula koma mizere ya pathambo ija imachepa kwambiri. Poster yopita kosindikiza musaisinthire ku CMYK (mitundu ya makina osindikizira) mu fayilo ya ma layer, chifukwa ma adjustment layer ena amatayika kapena kusintha maonekedwe. Pangani kope, phatikizani ma layer onse, kenako sinthani. Ndipo patsani layer iliyonse dzina, "nkhope", "diresi", "chitenje". Kasitomala akabwera patatha miyezi itatu kuti asinthe pang'ono, "Curves 7" sikuuzani kanthu.

Mu Premiere Pro lamulo ndi lomwelo, kungoti tsopano laonjezera nthawi. Adjustment layer inabwera ndi CS6 mu 2012. Mumaipanga pa New Item mu Project panel, ndipo ikakana kudinika ndiye kuti Project panel sinasankhidwe. Imatenga kukula kwa sequence yanu, mumaikokera pa track ya pamwamba pa makanema, ndipo imakhudza ma track onse a pansi pake kwa nthawi yonse yomwe yatambasuka pa timeline. Pamenepa m'pomwe panakusokonezani. Kuwala kwa dzuwa kumakhala cha pa 5,500K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala), mababu ofunda a muholo amatsikira cha ku 3,200K, ndipo nyali zina za LED zimaonjezerapo kubiriwira. Ngati kamera inatsala pa white balance (chomwe chimauza kamera mtundu wa kuwala kwa pamalo) ya panja, zojambula muholo zinali za olenji kale. Inu munaonjezera kufunda pa kanema yense, panja pakakongola, muholo mukafiiriratu.

Ntchito ya mitundu igaweni pawiri, ndipo musasakanize. Gawo loyamba ndi kukonza, ndipo limachitika pa clip iliyonse, osati pa adjustment layer. Sankhani clip, tsegulani Lumetri Color, pa Basic Correction tengani eyedropper ya white balance n'kudina chinthu choyera chomwe sichinayereretu, monga kolala ya shati ya mkwati kapena mthunzi wa diresi. Kenako Exposure, Highlights ndi Shadows. Musadalire maso okha, tsegulani Lumetri Scopes. Pa Waveform, diresi likhale pakati pa 85 ndi 95, lisagone lathyathyathya pa 100, ndipo suti yakuda ikhale pamwamba pang'ono pa 0 kuti mapindo ake aoneke. Pa Vectorscope pali mzere wodutsa pakati pa kufiira ndi chikasu. Khungu la munthu aliyense, woyera kapena wakuda, limakhala pafupi ndi mzere umenewo, chomwe chimasiyana ndi kuwala ndi kukolera kwake. Jambulani mask yaing'ono patsaya kwa kanthawi, muone ngati kachitsotso ka pa Vectorscope kagwera pamzerewo, kenako ichotseni. Clip imodzi ya muholo ikakhala bwino, ikopereni ndi Ctrl+C, sankhani zinzake za kamera yomweyo ndi malo omwewo, dinani Ctrl+Alt+V kuti mupake Lumetri yomweyo. Ngati munajambula ndi makamera awiri, Comparison View ndi Apply Match za pa Color Wheels & Match zimakufikitsani pafupi, koma malizitsani ndi dzanja.

Gawo lachiwiri ndi maonekedwe omwe mukufuna kanema yense akhale nawo, ndipo apa ndiye pa adjustment layer. Popeza ma clip onse afanana tsopano, LUT (fayilo ya maonekedwe a mitundu okonzeratu) kapena kufunda pang'ono kugwira mofanana. Intensity ya pa Creative isakhale pa 100, yambirani pakati pa 30 ndi 50, chifukwa ma LUT ambiri ogulitsidwa pa intaneti amadetsa khungu lakuda mpaka maso okha kutsala. Palibe chokukakamizani kukhala ndi layer imodzi kuyambira kutchalitchi mpaka pa perekaniperekani. Iduleni ndi Razor pomwe malo asintha, chidutswa chilichonse chikhale ndi manambala ake. Mayina a akwati, logo ndi mawu onse zikhale pa track ya pamwamba pa adjustment layer, apo ayi mitundu yake isintha monga zinachitikira pa poster. Ngati munajambula mu log (kajambulidwe kotulutsa mitundu yofooka yoti idzakonzedwe pambuyo), kutembenuzira ku Rec.709 (mitundu wamba ya makanema) kuchitike poyamba pa clip, maonekedwe abwere pambuyo. Makanema omwe alendo amakutumizirani a iPhone 12 ndi zotsatira zake nthawi zambiri amakhala a HDR (osunga kuwala kochuluka kuposa makanema wamba), ndipo amaoneka oyereratu mu sequence ya Rec.709. Amenewo akonzeni pa Modify mu Project panel, adjustment layer siingawachiritse.

Zina sizigwira pa adjustment layer. Warp Stabilizer imafuna kuwerenga clip yeniyeni, ndiye iikeni pa clip. Mukafuna kuyandikitsa ma clip angapo pamodzi, Scale ya pa Motion imangosintha kukula kwa dera lomwe layer ikukhudza. Ikani effect ya Transform pa adjustment layer, ndipo Scale yake ndiyo ikoka zonse za pansi.

Za kudodoma kwa kompyuta: adjustment layer payokha ndi yopepuka, cholemera ndi zomwe mwaikamo. Lumetri imodzi kapena ziwiri laputopu yapakatikati imanyamula. Koma blur, sharpen ndi zochotsa noise (timadontho tooneka pa kanema wamdima) monga Neat Video zikatambasuka pa kanema wa maola awiri, frame iliyonse iyenera kuwerengedwa mwatsopano. Tsitsani Playback Resolution kukhala 1/2 kapena 1/4, sizikhudza kanema wotuluka. Pomwe mukudula ndi kulumikiza, zimitsani kadiso ka track ya adjustment layer, mudzayatse pomaliza. Zochotsa noise ziikeni pa ma clip amdima okha. Onani pa File > Project Settings > General ngati Renderer ili pa GPU Acceleration. Makanema a 4K apangireni ma proxy, makope opepuka ogwirirapo ntchito. Mzere wofiira ukaoneka pamwamba pa timeline, dinani Enter kuti irende. Laputopu ikhalenso pa chaja, chifukwa zambiri zimachepetsa liwiro zikakhala pa batire.

Mukadzasamukira ku mapulogalamu ena, zomwe mwaphunzirazi sizitayika. Mu After Effects ndi Ctrl+Alt+Y, ndipo malire ake mumaika ndi mask kapena pre-compose. Mu DaVinci Resolve, yomwe ili ndi mtundu waulere, imatchedwa Adjustment Clip. Photopea imatsegula PSD mu browser ndi ma adjustment layer ake, Krita imawatcha Filter Layer, pomwe GIMP inayamba kusunga ma filter osaononga chithunzi ndi mtundu wa 3.0 mu 2025.

Pali nthawi yoti mufune thandizo la munthu wina. Ngati manambala ndi ma scope akusonyeza kuti zonse zili bwino koma zithunzi zikutuluka zakuda kapena zofiira kosindikiza, vuto lili pa sikirini yanu. Ambiri amawalitsa sikirini mopitirira, ndiye amakonza zithunzi zakuda osadziwa. Pezani wojambula mnzanu yemwe ali ndi kachipangizo koyezera sikirini, ndipo funsani osindikiza kuti akufuna fayilo ya sRGB kapena CMYK ya profile iti. Sindikizani chithunzi chimodzi chaching'ono choyesera musanalipire album yonse. Ngati Premiere ikutsekeka yokha mukangoika Lumetri, kapena sikirini ikuthwanima mitundu yachilendo, yambani ndi driver ya GPU, ndipo zikapitirira pitani nayo kwa wokonza makompyuta aone kutentha ndi RAM. Makanema a 4K pa RAM ya 8 GB amavuta ngakhale mutachita zonse molondola. Ndipo ngati pali clip yofunika, monga ya malumbiro kapena kuvekana mphete, yomwe inajambulidwa mumdima kapena pansi pa nyali zosinthasintha mitundu, musaiunjikire ma layer asanu. Tumizani fayilo yoyambirira ya mukamera, osati yomwe mwatulutsa kale, kwa munthu wodziwa ntchito ya mitundu, ndipo auzeni akwati msanga kuti gawo limenelo litenga nthawi.